Kalata yotseguka kwa akuluakulu a baseball: musatifufutire mbiri ya pa Cove

Kwa a Rob Manfred, Commissioner wa Major League Baseball (MLB), ligi yaikulu ya baseball ku America, kwa a Andrew Berlin eni ake a South Bend Cubs, komanso kwa a Meya a James Mueller ndi khonsolo yanu ya mzinda wa South Bend.

Mabwana, ndakupatsani moni nonse.

Ine ndine mmodzi mwa a Malawi ambiri amene tinakhazikika kuno ku South Bend, Indiana, ndipo ndine sapota wa timu yathu ya South Bend Cubs imene imasewera pa bwalo la Four Winds Field, pamene anthu akale a mumzinda muno amangoti pa Cove. Nkhani yanga ndi imodzi basi. Mukamakonza za tsogolo la ma minor league, mukamawerengetsera ndalama ndi kusainirana mapepala anu, kumbukirani kuti timu ngati iyi ili ndi eni ake ena amene mayina awo mulibe mmapepalamo, ndiwo anthu a mumzinda uno, amoyo ndi amene anatsogola kale, ndipo zimene anasiya pa bwalo limeneli sizinthu zoti munthu nkungozichotsa chifukwa akawuntanti wanena kuti sizikubweretsa phindu.

Abale anga amene mukuwerenga muli kumudzi mwina mukudabwa kuti minor league nde chani. Zili chonchi, timu iliyonse yaikulu ngati Chicago Cubs imakhala ndi matimu 4 ang'onoang'ono mmatauni osiyanasiyana, Single-A, High-A, Double-A ndi Triple-A, komwe anyamata amakaphunzira ntchito asanafike pamwamba. Yathu ili pa High-A mu Midwest League, magemu 132 pa sizoni kuyambira April kukuzizira koopsa mpaka September. Mapuleya onse ndi makochi ndi a Chicago, amawalemba ndi a Chicago, kuwalipira a Chicago, ndipo tsiku lililonse foni itha kulira mnyamata nkulongedza chikwama usiku womwewo. Mwini timu kuno alibe mau pa nkhani ya amene aponye mawa, iye zake ndi bwalo, matikiti, ma hot dog ndi ma fireworks a Lachisanu. Nde munthu utha kufunsa kuti ngati mapuleya amangodutsa chonchi, inu masapota mumasapota chani?

Timasapota malo, mabwana. Justin Upton anasewera pano mu 2006 ali mwana wa zaka 18. Gleyber Torres anadutsa pano mu 2015, Eloy Jiménez mu 2016 mpaka anatenga MVP, mphoto ya pleya wopambana onse mu ligi yonse, Pete Crow-Armstrong anali pano mu 2022 chaka chimene tinatenga chikho. Onsewa anapita ndipo tinawafunira zabwino, tikawaona pa TV timawuzana kuti uyu ndi wathu uyu, tinamuona akadali wowonda. Koma chimene chimatsala akapita ndi bwalo lomwe lija, geti yomwe ija, agogo omwe aja amene amabwera ndi pensulo kudzalemba scorecard gemu iliyonse ngati akulemba mayeso, inning ndi inning osaphonya ngakhale mpira umodzi, mphepo ya April ikuwomba iwo atafunda bulangete mmiyendo. Anthu ngati amenewa ndi amene anandiphunzitsa gemuyi, chifukwa ine ndinakulira mpira wamiyendo ndipo palibe anandikakamiza kukonda baseball, ndinaikonda chifukwa cha kuleza mtima kwa anthu a pa Cove pondifotokozera chimene chikuchitika pakati pa woponya ndi catcher wake, amene amawakha mpira kuseri kwa womenya.

A Manfred, ndiyambe ndi inu poti nkhawa yanga yaikulu ili kwa inu. Mu 2020 sizoni yonse ya ma minor league inafa chifukwa cha Covid, ndipo chaka chomwecho, matimu ali pa mavuto opanda ndi tikiti imodzi yomwe yogulitsa, ofesi yanu inachepetsa matimu ogwirizana ndi MLB kuchoka pa 160 kufika pa 120. Mu ligi yathu mokha munachoka atatu, Clinton LumberKings, Burlington Bees ndi Kane County Cougars. Clinton ndi katauni ka mmbali mwa mtsinje wa Mississippi ku Iowa, timu yake eni ake ndi anthu wamba a mtauni momwemo, bwalo lawo linamangidwa mu 1937, ndipo anali mu Midwest League kuyambira ligiyi itangotenga dzina limeneli mu 1956. Zaka zonsezo, mpaka tsiku lina nkungomva kuti dzina lanu palibe pa list. Kwathu ku Malawi timu ikatuluka mu Super League imakhala kuti yagonja pa bwalo aliyense akuona, masapota amalira koma amadziwa kuti chaka chamawa titha kumenya nkhondo nkubwerera. Clinton sinagonje pa bwalo, inachotsedwa mu ofesi ku New York, ndipo palibe gemu imene angawine kuti abwerere. Pano akusewera mu Prospect League ndi ana a ku koleji nthawi ya holide, akuyesetsa ndithu ndipo ndimawalemekeza, koma aliyense akudziwa kuti zinthu sizili ngati kale.

Ndisaname, pali zabwino zimene zachitika kuchokera nthawi imeneyo. Kuyambira 2022 matimu akuluakulu anayamba kupereka nyumba kwa anyamatawa, chaka chomwecho anyamatawa analowa mu union ya mapuleya ya MLBPA, ndipo mgwirizano woyamba wa 2023 unakweza malipiro otsikitsitsa a High-A kuchoka pa madola 11,000 pa chaka kufika pa 27,300. Ife amene timagwira ma shift ausiku kuno timadziwa bwino tanthauzo la kukhala anthu ambiri mu apatimenti imodzi kugona pa matiresi a mpweya, nde zimenezi tinaziwombera mmanja. Maulendo a pa basi anachepanso poti pano timu imakhala tauni imodzi kuyambira Lachiwiri mpaka Lamulungu, Lolemba nkupuma. Koma mgwirizano wa mapuleya uja ndi wa zaka 5 zokha, ndipo ziphaso zimene munapatsa matimu 120 aja mu 2021 ndi za zaka 10, kutanthauza kuti 2030 ili pafupi. Chiwerengero cha mapuleya amene timu iliyonse ingasunge mma minor league kuno munachitsitsa kale kuchoka pa 180 kufika pa 165. Ife masapota tikaona zimenezi mtima umagunda, timafunsana kuti kodi mpeni uja ubweranso? Ndipo ukabwera udzagwera tauni iti? Mwina South Bend ili bwino lero chifukwa anthu amadzaza bwalo komanso Chicago ili pafupi, koma Kane County nayo inkadzaza bwalo, ili mphepete mwa Chicago momwemo, sizinaipulumutse.

Mukafuna kuyesa zinthu zatsopano mumayambira kwa ife, wotchi ija yowerengera woponya masekondi oti aponye mpira inayesedwa kaye mma minor league musanaibweretse ku MLB mu 2023, ndipo inathandizadi, magemu anafupika ana amafika kunyumba nthawi yabwino. Nde ngati tili ofunika poyesera malamulo, tikhalenso ofunika pamene mukugamula za amene akhale ndi amene achoke. Tiuzeni msanga poyera kuti 120 ija simudzaichepetsanso.

Tsono ndifotokoze chimene chingatayike tauni ngati yathu itachotsedwa, chifukwa ndikuganiza kuti ku New York mumangoona dzina pa sikirini.

Bwalo lathu linatsegulidwa mu 1987 nthawi ya Meya Roger Parent, mzinda uli pa umphawi, ndipo linapatsidwa dzina la Stanley Coveleski. Munthu ameneyu ndimamukonda kwambiri. Anabadwa mu 1889 ku Shamokin, Pennsylvania, mwana wa anthu ochokera ku Poland, ndipo ali ndi zaka 12 anayamba ntchito pa mgodi wa malasha, kusankha miyala mmalasha kuyambira mmawa mpaka mdima, nthawi yosewera mpira analibe nde madzulo ankangogenda zitini ndi miyala. Kugenda zitini komweko nkumene kunamupatsa dzanja losaphonya. Mu World Series, mafainolo a MLB, ya 1920 anaponyera Cleveland magemu atatu athunthu nkuwina onse atatu polimbana ndi Brooklyn, ndipo anali mmodzi mwa oponya 17 amene analoledwa kupitiriza spitball, kuponya mpira wopaka malovu, pamene lamulo linauletsa. Anawina magemu 215 pa moyo wake. Atapuma anabwera kuno ku South Bend mu 1929, anatsegula filling station, ana a mdera lake ankawaphunzitsa kuponya ulere, analowa mu Hall of Fame, mndandanda wa akatswiri olemekezeka a baseball, mu 1969 ndipo anamwalira konkuno mu 1984 bwalo lisanamangidwe. Kumadzulo kwa mzinda uno ndi kumene a Polish anadzaza, anthu a mmafakitale, mpaka lero amachita Dyngus Day yawo Lolemba la pambuyo pa Isitala. Ine monga munthu wobwera, ndikamva za mwana wa obwera amene anayambira pansi penipeni nkudzapatsidwa ulemu wa bwalo lonse, ndimamva ngati akundiuza kuti iwenso malo ako alipo muno.

Mu 2013 dzina la Four Winds Field linabwera kudzera mu mgwirizano ndi a Pokagon Band of Potawatomi, mtundu wa Amwenye a ku America, ndipo ine ndilibe nalo vuto, makolo awo anali mmbali mwa mtsinje wa St. Joseph mzindawu usanayambe nkomwe, dzina lawo kukhala pa geti nkoyenera. Chimene ndikupempha a Meya, poti bwalo ndi la mzinda, nchakuti mgwirizano uliwonse umene mudzasaine mtsogolo muno, kaya ndi kampani yanji kaya yabweretsa ndalama zingati, dzina la Coveleski likhalebe lolembedwa ndi zilembo zoti munthu awerenge ali pa msewu. Ana amene akukula pano ambiri akangomva kuti Cove sadziwa kuti linali dzina la munthu.

Ukakhala mu bwalomo nkuyang'ana kumwera umaona chinyumba chachikulu cha Studebaker, chotsala cha fakitale ya magalimoto imene inatsekedwa mu December 1963, Khrisimasi itayandikira, anthu zikwizikwi nkutha ntchito nthawi imodzi. Bala limenelo silinapole msanga, akuluakulu a kuno ukawafunsa amakuuza kumene anali tsiku limene anamva nkhaniyi. Nchifukwa chake timu itasiya dzina la South Bend White Sox limene inayamba nalo mu 1988, inatchedwa Silver Hawks mu 1994, dzina la galimoto ya Studebaker ya kumapeto kwa zaka za mma 1950. Dzina limeneli linakhala mpaka 2014, kuyambira 1997 mpaka pamenepo tinali pansi pa Arizona Diamondbacks, ndipo zikho za 1989, 1993 ndi 2005 zinabwera dzina la Cubs lisanafike, za 2019 ndi 2022 nde zaposachedwa. Pamene panali chiopsezo choti timu igulitsidwa nkusamutsidwira kwina, a Joe Kernan amene anakhalapo meya wa mzinda uno komanso gavanala wa Indiana, munthu amene anali catcher ku yunivesite ya Notre Dame komanso anakhalapo mkaidi wa nkhondo ku Vietnam, anasonkhanitsa anzawo nkuigula kuti isachoke. Anamwalira mu 2020, chaka chomwe chija bwalo linali lopanda phokoso.

A Berlin, inu ndikuthokozani kaye ndi mtima wonse. Munagula timu mu 2011 mipando ili mbee, munaika ndalama zanu, munabweretsa Cubs mu 2015, lero pali malo oti ana asewere ndi madzi nthawi yotentha, pali ma apatimenti kuseri kwa outfield, mbali ya kutali ya bwalo, chilimwe chikafika dera lija limakhala ndi moyo. Koma chimene ndimakulemekezerani koposa ndi sunagoge uja. Kanyumba ka njerwa ka Sons of Israel kamene Ayuda obwera kuchokera ku Eastern Europe anamanga mu 1901, kanatsala kokha kopanda opemphera, ena akanangokagwetsa nkuikapo malo oimika magalimoto, inu munakakonza nkukasandutsa shopu ya timu. Ukalowa kukagula kapu umakweza maso nkuona denga lalitali, mawindo aatali aja, khonde la mmwamba mmene amai ankakhala popemphera, majezi atapachikidwa pansi pake, ndipo mwana wanga anandifunsapo kuti adadi chifukwa chani shopu ikuoneka ngati tchalitchi, nde tinayamba kukambirana za anthu amene anabwera mumzinda muno ndi katundu wa mmanja ngati ife. Ndi umboni woti mumadziwa kusunga zakale, nchifukwa chake ndikulimba mtima kukupemphani zambiri.

Dzina la Cubs linabweretsa anthu, zimenezo palibe angatsutse, makamaka Chicago itatenga World Series mu 2016 koyamba chichokereni 1908. Koma dzinali ndi la Chicago, mabwana. Silver Hawks linali la kuno, linkanena za agogo a anthu amene amakhala mmipando imeneyo. Ndimasangalala kuona zidole za timu, Swoop ndi Stu, akuvina ndi ana, koma pa ntchito yokuza bwalo ndi nsanja ya pamwamba, pamene ndalama za misonkho zikulowapo, payenera kupezeka khoma lalikulu lokhazikika pamalo podutsa aliyense, losimba nkhani yonse ya baseball ya mzinda uno kuyambira pachiyambi.

Ndipo pa khoma limenelo amai a South Bend Blue Sox akhale patsogolo. Mu 1943 amuna ali ku nkhondo, Philip K. Wrigley, amene panthawiyo anali mwini wa Chicago Cubs yomweyi, anayambitsa ligi ya atsikana ndi matimu 4, Racine, Kenosha, Rockford ndi South Bend. Ligiyi inatha mu 1954, ndipo matimu awiri okha ndi amene anasewera zaka zonse 12 osasamuka, Rockford Peaches ndi Blue Sox yathu. Anayambira pa Bendix Field kenako Playland Park mmbali mwa mtsinje, kumene lero kuli nyumba za ana asukulu a yunivesite ya IU South Bend. Anatenga chikho mu 1951 ndi 1952, ndipo cha 1952 chija anachitenga atatsala osewera 12 okha anzawo ena atachoka pa timu chifukwa cha mkangano ndi manejala sizoni ikutha. Jean Faut, woponya wawo, anaponya ma perfect game awiri, mu 1951 ndi 1953, kutanthauza gemu yonse osalola ndi mmodzi yemwe kufika pa base yoyamba, chinthu chimene palibe woponya wa MLB anachitapo kawiri. Mai ameneyu anamwalira mu 2023. Katundu wa ligi yonseyi, mayunifomu, magolovesi, zithunzi, amasungidwa ku The History Museum konkuno ku South Bend, ulendo wa mphindi zochepa kuchokera pa bwalo. Nanga bwanji mtsikana wamng'ono alowe pa geti, adye popcorn, abwerere kunyumba asakudziwa kuti mmodzi mwa oponya oopsa kwambiri amene mzinda uno unaonapo anali mzimai? Kuwakumbukira usiku umodzi pa sizoni sikokwanira, akhale poti aliyense awaone gemu iliyonse.

Chimodzimodzinso a Foundry Giants, timu ya anthu akuda amene ankagwira ntchito yotentha kwambiri ku foundry ya Studebaker mzaka za mma 1920, nthawi imene khungu lawo linkawatsekera zitseko za ma ligi a azungu. Ndikuyamika amene anakonza Foundry Field ku Southeast Park powakumbukira. Koma ana athu akuda, a ku America konkuno ndi obadwa kwa ife obwera ku Africa, ambiri amaganiza kuti baseball si gemu yawo, amathamangira basketball ndi mpira wamiyendo, ndipo njira imodzi yowabweza ndi kuwaonetsa nkhope za anthu ofanana nawo amene anasewera mumzinda womwe uno zaka 100 zapitazo.

Nkhani ya mitengo nayo ndisaisiye. Ma suite, zipinda zodula zoonera gemu, ndi malo a mabwana amabweretsa ndalama, ndikumvetsa, bizinesi iyenera kuyenda. Koma chimene chimapangitsa minor league kukhala yokoma nchakuti munthu wogwira ntchito ku nursing home kapena ku fakitale ya ma RV, magalimoto ogonamo, ku Elkhart atha kutenga banja lonse, kuyala kansalu pa kapinga, ana kuthamanga, iye nkupuma pang'ono osaganiza za mabilu. Ku Wrigley Field, bwalo la Chicago Cubs, ambiri a ife sitingakwanitse kupita ndi ana onse, tikiti, mafuta, parking, chakudya, malipiro a sabata atha tsiku limodzi. Pa Cove ndi pamene timakwanitsa. Mukakuza bwalo, tikiti yotsika mtengo ija ikhalepobe ndipo kapinga musamudye ndi mipando yodula, chifukwa mwana amene wakhala pa kapinga lero ndi amene adzagule season ticket zaka 20 zikubwerazi. A Meya, poti ndalama za anthu zalowapo, muli ndi mphamvu yoika zimenezi mu mgwirizano wa lendi ya bwalo, zilembedwe ndithu pa pepala.

Kwa a Malawi anzanga a kuno ku Michiana, dera la South Bend ndi matauni ozungulira, inunso ndikukuitanani, tisamangokumana pa maliro, pa ukwati ndi pa 6 July pokha ayi. Tiyeni tizipita ku gemu ngati gulu, titenge ana, tikhale pamodzi, akuluakuluwa akaona nkhope zathu mmipando adzadziwa kuti nafenso tili ndi mau pa za bwalo limeneli, misonkho timalipira nawo.

A Manfred, tikudikira mau anu pa za matimu 120 chaka cha 2030 chisanafike, ndipo ngati mwayi ulipo ganiziraninso za Clinton ndi Burlington. A Berlin ndi a Meya, itanani msonkhano wa masapota, a ku The History Museum abwere, mabanja a amai a Blue Sox abwere, akuluakulu a kumadzulo kwa mzinda amene anamuona Coveleski ndi maso abwere akadali moyo, tikambirane za khoma lija ndi za matikiti. Mukaitana ine ndidzabwera, ndipo ndidzabwera ndi anzanga.

Ine wanu,
Sapota wa pa Cove, South Bend, Indiana